Kachotupa kosapweteka pa tchende: kodi ndi khansa?

Wofunsa: Abale, mwamuna akapeza kachotupa kolimba pa tchende limodzi, koma kosapweteka, adikire kaye kapena athamangire kuchipatala? Nanga munthu amadziyeza bwanji?

Mlongoti: Asadikire achimwene. Kusapwetekako n'kumene kumapusitsa ambiri, chifukwa khansa ya machende nthawi zambiri imayamba mwakachetechete. Imakonda anyamata ndi abambo a zaka 15 mpaka 35, makamaka amene anabadwa tchende lisanatsikire m'thumba, kapena amene bambo awo kapena mchimwene wawo anadwalapo.

Dziyezeni kamodzi pamwezi mukangosamba madzi ofunda, khungu likafewa. Gwirani tchende limodzi pakati pa chala chachikulu ndi zala zinazo, n'kumaligudubuza pang'onopang'ono. Liyenera kukhala losalala. Kumbuyo kwake mudzamva kachingwe kofewa. Musachite nako mantha, ndi njira ya umuna. Tchende lina kutsika kuposa linzake si vutonso. Chodetsa nkhawa ndi kanthu kolimba ngati kamwala pa tchende lenilenilo, kukula kwa mbali imodzi, kapena thumba kulemera.

Nasibeko: Ndiwonjezere zakuchipatala. Amayamba ndi sikani ya ultrasound, yomwe imasiyanitsa chotupa cholimba ndi phudzi la madzi. Kenako amayeza magazi kufufuza zizindikiro za khansayi zotchedwa AFP, hCG ndi LDH, koma magazi akatuluka bwino sizitanthauza kuti khansa palibe. Sabaya thumba ndi singano kuti atengeko kanyama, poopa kufalitsa matenda. Akaona kuti mwina ndi khansa, amacheka m'munsi mwa mimba cham'mbali, n'kuchotsa tchende lonse ndi chingwe chake.

Khansayi ikachedwa kupezeka imakwera kukatupitsa anabere a mkati mwa mimba, kufupi ndi msana, kenako m'mapapo. N'chifukwa chake ena amabwera akudandaula msana kapena chifuwa. Ngakhale ikafika pamenepo, mankhwala a khansa otchedwa cisplatin amaigonjetsa kwambiri, ndipo komwe chithandizo chili chokwanira, tikawerengera odwala khansa ya machende onse pamodzi, oposa 90 pa 100 alionse amachira.

Mlongoti: Ambiri amaopa za m'banja. Tchende limodzi labwino limakwanira kubereka komanso mphamvu zachimuna. Mankhwala a khansawo ndi amene angachepetse umuna, choncho funsani za kusungitsa umuna musanayambe.

Nasibeko: Koma ululu woopsa wobwera mwadzidzidzi, wina mpaka kusanza, ndi nkhani ina. Mwina tchende lapotokola ndipo magazi sakufika. Pamenepo opaleshoni imafunika pasanathe maola 6, apo ayi tchendelo likhoza kufa.