Sola yopinda ikungotenthetsa foni osaidzaza: kodi ndagula yabodza?

Mayi Nabanda, Epworth

Moni nonse abale ndi alongo a muno mu Harare. Ndili ndi vuto limene landisowetsa mtendere kwa milungu itatu tsopano, ndipo ndikupempha inu amene mumadziwa za magetsi a dzuwa kuti mundiunikire. Ine ndimagulitsa tomato, anyezi ndi repu pamsika waung'ono kwathu kuno ku Epworth. Ndimalawirira mbandakucha kukapikula katundu ku Mbare Musika, ndipo ndikabwerako ndimakhala pabenchi panga mpaka dzuwa kulowa. Foni ndiyo imagwira malonda anga, chifukwa makasitomala ena amalipira pa EcoCash ndipo ena amandiuza pa WhatsApp kuti ndiwasungire katundu, choncho ikazima masana ndiye kuti tsikulo ndaluza.

N'chifukwa chake ndinagula sola yopinda patatu ngati kalata, yokhala ndi timabowo tiwiri ta USB m'kathumba kakumbuyo. Pabokosi analemba kuti ndi ya mawati 21, ndipo mnyamata amene anandigulitsa m'tauni ananenetsa kuti foni izidzaza m'maola awiri okha. Ndimaikoloweka pamtengo wa shedi yanga, italendewera kuyang'ana kumsewu, mbali imene dzuwa limalowera, foni n'kuiika m'kathumba kaja kuopa akuba. Dzulo ndinalumikiza 11 koloko batire ili pa 30 peresenti, koma pofika 3 koloko inali itangofika pa 44, foniyo ikutentha ngati simbi. Tsiku lina inachita kulemba yokha kuti yatentha kwambiri ndipo yasiya kutchaja. Chinanso n'chakuti mphepo ya mu Ogasiti muno ikakupiza lona wa shedi n'kuphimba mbali imodzi, foni imalira n'kusiya kutchaja, osayambiranso kufikira nditazula chingwe n'kulowetsanso.

Kodi ndagula yabodza, kapena ndikulakwitsa ndine? Mwana wanga wa Fomu 4 akufunanso kuti azitchajira laputopu yake, ndipo mu Disembala ndikufuna kupita nayo kumudzi ku Mulanje, kumene nthambo za magetsi sizinafike.

Bambo Phiri, Mufakose

Mayi Nabanda, musafulumire kukabweza, chifukwa malinga ndi mmene mwafotokozeramu, sola yanuyo simunaipatsebe mpata wosonyeza mphamvu zake. Ine ndinayamba ntchito yoika masola pamadenga mu 2019, chaka chija madzi atachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba, magetsi n'kumathima mpaka maola 18 pa tsiku, ndipo dandaulo ngati lanuli ndalimva kambirimbiri.

Nambala ya pabokosiyo musaiwerengere kwenikweni. Mawati amenewo amayezedwa kufakitale, kuwala kukuomba molunjika ndi mphamvu ya mawati 1,000 pa sikweya mita imodzi, galasi la sola lili pa madigiri 25. Pamsika zimenezi sizichitika, pakuti sola ikakhala padzuwa imatentha kuposa pamenepo, ndipo ikamatentha mphamvu yake imatsika pang'onopang'ono. Komanso kabowo wamba ka USB kamatulutsa mavolti 5, ndipo m'masola aang'ono ngati yanuyo munthu akapeza mawati 10 kapena 12 pakabowo kamodzi ndiye kuti zayenda bwino. Batire ya foni yolembedwa 5,000 mAh (muyeso wa magetsi amene imasunga), ikatheratu, imafuna maola oposa awiri ikulandira mawati 10 mosadukiza. Choncho wogulitsa uja sananame kwenikweni, koma anakuuzani za tsiku limene zonse zili bwino.

Vuto lalikulu ndi kapachikidwe. Harare ili kummwera kwa ikweta ndi madigiri pafupifupi 18, ndiye miyezi yozizira mpaka ino tili nayoyi, dzuwa la masana limadutsa chakumpoto. Sola yolendewera pamtengo n'kuyang'ana kumadzulo imangolandira kuwala kwa m'mbali nthawi imene dzuwa lili ndi mphamvu, n'kudzakumana nalo bwino litayamba kale kufooka. Muiyale pakireti ya tomato yopanda kanthu kunja kwa shedi, iyang'ane kumpoto, kumbuyo kwake mutsamiritse ndi njerwa kuti ipendekeke pang'ono. Mu Juni imafunika kupendekeka madigiri pafupifupi 40, pano pafupifupi 30, ndipo kuyambira Novembala mpaka Januwale mukhoza kungoigoneka chagada masana, chifukwa dzuwa limakhala pamutu. Musavutike ndi manambalawa. Tengani kachitsotso ka botolo kapena kabokosi ka machesi, mukaimike pagalasi la sola n'kuyang'ana chithunzithunzi chake: chikatalika, tembenuzani sola kufikira chitafupika kapena kusowa, ndipo pamenepo ndiye kuti yayang'anizana ndi dzuwa. Muzichita zimenezi katatu pa tsiku, m'mawa, masana ndi chakumadzulo, ndipo mukatha muzichotsapo kachitsotsoko.

Za lona wokupiza uja, timagalasi ta m'solamo tinalumikizidwa motsatizana ngati mikanda pa ulusi, kotero kamodzi kakaphimbika kamapanikiza mphamvu ya tinzake tonse ta mumzerewo. Foni ikaona kuti mphamvu yagwa imadziteteza posiya kutchaja, ndipo mafoni ena sayambiranso okha. Njira yake ndi yosalumikiza foni ku sola mwachindunji. Gulani power bank yabwino, batire yonyamula m'manja yosungira magetsi, sola izidzaza iyoyo, inu muzitchajira foni kuchokera mmenemo, pakuti ma power bank ambiri amalandira mphamvu yokwera ndi kutsika popanda kunyanyala. Ya 10,000 mAh, ikatheratu, imafuna maola asanu kapena kuposerapo a dzuwa labwino pa sola ngati yanuyo, ndipo ingadzaze foni yanu kamodzi n'kutsalako ina ya madzulo.

Koma chonde, Mayi, m'kathumba kaja musaikemonso kanthu. Kathumbako n'kakuda ndipo kali kumbuyo kwa chinthu chowambidwa padzuwa tsiku lonse. Batire za mafoni ndi za power bank siziyenera kutchajidwa zitatentha kupitirira madigiri 45, chifukwa zimakalamba msanga ndipo nthawi zina zimafufuma. Pezani chingwe chofika pansi pa benchi kuti sola ikhale padzuwa, batire ikhale pamthunzi.

Che Jafali, Dzivarasekwa

Zimene anena Bambo Phiri ndi zoona, koma ine ndikuona kuti akuwakhululukira kwambiri ogulitsa a m'tauni. Zabodza ziliko ndipo n'zambiri. Ine ndimakonda kukaweza nsomba ku Lake Chivero kumapeto kwa sabata, ndipo sola yanga yoyamba inalembedwa mawati 50 pomwe kukula kwake kunali ngati kope la mwana wa sukulu. Ndinaiyala bwinobwino pathanthwe, popanda mtambo ngakhale umodzi, koma tochi yanga yapamutu inatha tsiku lonse isanadzaze. Nditabwerera kusitoloko anandiuza kuti mwina dzuwa la kunyanja n'lofooka.

Kuchokera pamenepo ndinaphunzira kuyeza ndi maso ndisanatulutse ndalama. Timagalasi tabwino ta masiku ano timasandutsa magetsi gawo limodzi mwa magawo asanu a kuwala kumene tikulandira, kutanthauza mawati pafupifupi 200 pa sikweya mita. Ndiye kuti sola ya mawati 21 yeniyeni, mukaitambasula n'kuyeza timagalasi tokha popanda nsalu ya m'mphepete, iyenera kuyandikira kukula kwa mapepala awiri a A4. Mayi Nabanda, tumani mwana wanu atenge mapepala awiri aike pamwamba pake. Ngati magawo onse atatu pamodzi sakukwana n'komwe pepala limodzi, ndiye kuti nambala ya pabokosiyo inangolembedwa, ndipo kuitembenuzira kumpoto sikungaikulitse. Palinso kachipangizo kakang'ono kolowetsa pakati pa kabowo ka USB ndi chingwe, kamene kamaonetsa mavolti ndi ma amp amene akudutsa. Okonza mafoni ambiri ali nako ndipo angakuyezereni.

Pa nkhani ya chingwe ndikusiyana nawo pang'ono Bambo Phiri. Inde chifike pamthunzi, koma chisakhale chachitali mopitirira kapena chopyapyala ngati zija zotchipa zogulitsidwa m'mphepete mwa msewu, chifukwa pa mavolti 5 okha mphamvu yambiri imathera m'njira. Mita imodzi kapena imodzi ndi theka ya chingwe chonenepa yakwana. Musapusitsidwenso ndi ma power bank okhala ndi kasola kumsana. Kagalasi kake n'kakang'ono kwambiri moti kamafuna masiku ambiri kuti kadzaze batire, ndipo kamakukakamizani kuika batireyo padzuwa, chinthu chimene Bambo Phiri aletsa kale. Fumbi la mwezi uno nalonso limaba mphamvu, choncho muzipukuta ndi kansalu konyowa m'mawa uliwonse, ndipo mukaipinda musaike pansi pa thumba la anyezi, chifukwa timagalasi timang'aluka mkati popanda kuonekera kunja.

Achemwali Nasimango, Highfield

Amayi, ine ndingoyankhako za laputopu, chifukwa ndinavutika nazo ndili ku koleji. Sola yanuyo singathe ntchito imeneyo. Malaputopu ambiri amafuna mavolti 19 kapena 20 ndi mawati pakati pa 45 ndi 65, pomwe timabowo tanu tikutulutsa mavolti 5 okha. Pangafunike sola yopinda ya mawati 60 mpaka 100 pamodzi ndi batire yaikulu yonyamulika, kapena power bank yokhala ndi kabowo ka USB-C kolembedwa PD, ngati laputopuyo imalola kutchajidwa pamenepo. Mchimwene wangayo muwauze asayesere kudula zingwe n'kulumikiza mwanjira yake. Ndipo mukadzagula yaikulu, musadzailumikize ku batire ya galimoto popanda kontirola pakati, kachipangizo kowongolera mphamvu yolowa m'batire, chifukwa masola otero amatulutsa mavolti 18 kapena kuposerapo ndipo angawononge batire ya mavolti 12.

Za ulendo wa Disembala, kumbukirani kuti kudzakhala kuli mvula, ndipo ku Mulanje mitambo imatha kuphimba phiri masiku angapo motsatizana. Kukachita mitambo yambiri, sola yaing'ono imangotulutsa kamphamvu kosakwana n'kudzutsa foni, monga zimachitikira kuno masiku a guti, amene kwathu timati chiperoni. Mudzanyamuke power bank itadzaza, chifukwa ulendo wa basi wodzera ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza ndi wautali ndipo foni imafunika pachipata chilichonse. Mukafika, muzidzayala sola m'mawa kukadali kowala mitambo isanasonkhane, ndipo ikayamba kudontha muzidzailowetsa msanga, popeza nsalu yake imapirira madontho koma timabowo ta USB sitifuna madzi.

Mayi Nabanda, Epworth

Zikomo kwambiri Bambo Phiri, Che Jafali ndi inu Achemwali Nasimango. Ndadikira masiku anayi ndisanayankhe kuti ndiyambe ndayesa. Mwana wanga anaika mapepala awiri monga munanenera, Che Jafali, ndipo timagalasi tinakwana pepala limodzi ndi theka, choncho mwina mawati 21 anawonjezerako pang'ono, koma si yabodza ngati yanu ija. Ndaiyala pakireti kuyang'ana kumpoto ndipo ndikutembenuza ndi chitsotso cha botolo la mafuta ophikira, moti amayi anzanga a pamsika anayamba kundiseka kuti ndikuombeza. Power bank ndinabwereka ya mlamu wanga, ndipo imakhala pansi pa benchi m'kabasiketi. Lachitatu ndinayala sola 8 koloko nyale imodzi ya power bank ikuyaka, ndipo pofika 2 koloko zinali zitayaka zonse zinayi. Foni sinatenthenso. Za laputopu mwanayo wamva, ngakhale kuti wakhumudwa.

Chatsala n'chakuti sola tsopano ili kunja kwa shedi, pamene pamadutsa anthu ambiri, ndipo Lachinayi kamnyamata kena kanaima pafupi nayo nthawi yaitali mpaka ndinachita kukafunsa ngati kakufuna tomato. M'makona mwake muli timphete tachitsulo, ndiye ndalowetsamo waya n'kumangirira kumwendo wa benchi, koma wayayo akudutsa pamwamba pa kagalasi kamodzi kakumapeto. Bambo Phiri, kodi kachithunzithunzi kochepa ngati ka waya kangachepetse mphamvu monga anachitira lona uja, kapena ndingousiya momwemo?