Bambo akunyumba atuluka m'chipatala

Mwezi watha ndinafunsa ngati amuna anga, omwe ali ndi nthenda yakumtundu yotenthetsa thupi mobwerezabwereza ya FMF (Familial Mediterranean Fever) yochokera kwa agogo awo a ku Lebanon, asiye colchicine, mankhwala omwe amamwa a nthendayi, atapezeka ndi Covid-19. Adokotala anakana. Ukasiya, kutentha thupi ndi m'mimba mopota zimabwerera, ndipo pakapita nthawi impso zimawonongeka.

Chomwe chinatichedwetsa kudziwa kuti ndi Covid-19 n'chakuti kuno ku Mangochi thupi likatentha aliyense amangoti malungo. Atayezedwa sanapezeke nawo. FMF yawo ikayamba imatha pa masiku 3, koma ulendo uno kutentha thupi kunakwana sabata, chifuwa chili chobanika. Anagonekedwa masiku 5 pa okosijeni.

Adokotala anatichenjezanso kuti clarithromycin, mankhwala opha mabakiteriya, sayenderana ndi colchicine. Panopa akudya bwino, dzulo anafuna chambo, koma akayenda pang'ono amapumabe mwawefuwefu.