Wa kabaza minofu imauma akangoyamba kupalasa, pakapita mphindi 8 ali bwino. Thandizeni

Tiyamike (physio):
Anzanga thandizeni, nkhaniyi yandisowetsa tulo. Ndili ndi wodwala, mnyamata wa zaka 19, wa kabaza. Akangoyamba kupalasa, makamaka atanyamula munthu n'kukumana ndi chitunda pomwepo, ntchafu zimauma gwa, mtima kuthamanga, mpweya kubanika. Akaima pang'ono n'kuyambiranso mwachifatse, pakatha mphindi ngati 8 thupi limamasuka, amapalasa ngakhale ola lathunthu. Mwezi watha anasenza matumba a chimanga, mawa lake mkodzo ngati Coca-Cola. Dipstick (kapepala koyezera mkodzo) ikuti magazi, pa microscopy RBC (maselo ofiira a magazi) palibe. CK (enzyme imene imakwera m'magazi minofu ikawonongeka) inali 14,000, wapumula milungu itatu ikadali pa 1,500. Referral inangoti deconditioning (kufooka chifukwa chosalimbitsa thupi), limbitsani quads (minofu ya kutsogolo kwa ntchafu). Ndinamuika pa wall sit (kukhala ngati uli pampando utatsamira khoma), masekondi 40 okha ntchafu inakokana osamasuka mpaka madzulo. Zikundipweteka mtima kuti ndinachititsa ndine. Ndikuganiza McArdle, matenda obadwa nawo amene minofu imalephera kugwiritsa ntchito glycogen, shuga wosungidwa m'minofu. Ndimupatse pulogalamu yotani?

Banda CO (clinical officer):
Asisi, musanapite kutali, malungo ndi likodzo mwayeza? Mkodzo wakuda kuno kwathu timayambira pamenepo. Kwawo n'kuti, si kunyanja?

Tiyamike:
mRDT (ya malungo) negative, mazira a likodzo palibe, thupi silinatenthepo. Ndanena kale kuti RBC mulibe.

Mai Nachisale:
Tiyamike, wall sit, squat yokhazikika, kukankha khoma, zonsezo uimitse lero. Ndipo ntchafu ikakokana USAIWONGOLE mokakamiza, usaitikite mwamphamvu. Si kukokana kwa osewera mpira kumeneko. Mnofu waperewera mphamvu moti ukulephera kumasuka, pa EMG (makina oyeza magetsi a m'minofu) pamakhala zii. Ukaukoka ukuung'amba.

Kumasuka kwa thupi pakatha mphindi 8 komwe wafotokozako ndi second wind yeniyeni. Glycogen mu mnofu alimo wambiri koma myophosphorylase, enzyme yomuphwanya, palibe, nkhokwe yodzadza koma yopanda khomo. ATP ndi phosphocreatine, mphamvu imene ili kale mu mnofu, zimangokwana masekondi osapitirira 10 pa ntchito yolemetsa. Zikatha, ife timatapa glycogen, iye alibe potapa. Amadikira magazi achuluke m'minofu, abweretse mafuta ndi shuga wochokera kuchiwindi, chifukwa phosphorylase wa chiwindi ndi wina ndipo wake ali bwino. Zimatenga mphindi 6 mpaka 10. Ngozi yonse ili m'mphindi zoyambazo ndi pa katundu wolemera.

Banda CO:
Mayi ndakumvani, koma matenda amenewa ndi a munthu mmodzi pa anthu 100,000 kapena kuposa. Zaka 17 ndili pa OPD sindinawaonepo. Bwerezani mkodzo wa masana, mazira amabisala. Praziquantel ndi wotchipa.

Gift (anaesthesia):
Zandikumbutsa mwana wa Form 2 amene tinalandira zaka zapitazo. Pasukulu ina anamupatsa chibalo chodumpha ngati chule kuzungulira bwalo lonse, dzuwa likuswa mtengo. Anafika ntchafu zitatupa, mkodzo wakuda, tsiku lachiwiri mkodzo unasiyiratu. Anayamba ndi mankhwala a malungo, creatinine (yoonetsa mmene impso zikugwirira ntchito) tinaiona mochedwa. Tinamuthira madripu usiku wonse, mayi ake atagwira kabotolo kudikira dontho. Anapulumuka koma impso zinatsala pang'ono. Chomwe chinayambitsa sitinachipeze, anapita osabweranso. Mpaka lero ndimamuganizira. Tiyamike, umuuze mnyamatayo: mkodzo ukangoda, athamangire kuchipatala tsiku lomwelo, osati kungomwa madzi kunyumba. Ndipo ulembe mu health passport yake ndi zilembo zazikulu, kuti tsiku lina akadzabwera ku theatre tidzasamale ndi suxamethonium (mankhwala omasula minofu pa opaleshoni) ndi tourniquet (lamba wotseka magazi).

Limbani:
Bwanji osangochita forearm test? Cuff ya BP pamkono kuti itseke magazi, afinye dzanja kwa mphindi imodzi, muyeze lactate m'magazi. Ikapanda kukwera mwapeza yankho. Dokotala McArdle mwiniwake mu 1951 ku Guy's Hospital anazindikira choncho.

Mai Nachisale:
Limbani, cuff ayi chonde. Ischaemic test yapweteketsa anthu, mkono kukokana mpaka compartment syndrome, kutupa kwa minofu kumene kumatseka magazi. Masiku ano amachita popanda kutseka magazi, ndipo pamafunika ammonia pambali. Lactate ikakhala pansi ammonia itakwera, ndiye chizindikiro. Zonse zikakhala pansi ndiye kuti munthu sanafinye mokwanira. Ammonia imafuna ayezi ndi labu yofulumira. Ngati zimenezo palibe, musamuike mwana pachiswe pachabe.

Esnart (UK):
Moni nonse. Kuno ku London, ku Queen Square, kuli kliniki ya matenda amenewa, ndipo chimene mungatengereko popanda ndalama ndi 12 minute walk test. Khonde lalitali, wotchi ndi pulse oximeter basi. Ayende mmene angathere, mphindi iliyonse mulembe pulse ndi ululu pa 0 mpaka 10. Ululu ukafika 3 kapena 4 achepetse kapena aime, ukatsika apitirire. Mudzaona pulse ikukwera kwambiri poyamba, kenako chapakati ikugwa yokha ngakhale liwiro lili lomwelo. Kutsimikiza kwenikweni ndi kuyeza gene ya PYGM (yopanga myophosphorylase) kapena biopsy ya mnofu, koma pepala limenelo lingathandize dokotala wa neuro kukumverani. Mudikire CK ikhazikike kaye.

Pa zolemera timaphunzitsa masekondi 6: anyamule, atule asanakwane, apumule ndithu. Kungomukhazika pansi nakonso n'kumupweteka. Kuyenda kapena kupalasa modekha, atalowa kale mu second wind, kumalimbitsa njira yowotchera mafuta.

Limbani:
Nanga shuga? Amwe Fanta asanayambe ntchito, zimathandiza.

Esnart:
Pa McArdle zimathandizadi akamwa mphindi zochepa asanayambe, chifukwa shuga wa m'magazi amalowera kunsi kwa pamene patsekeka. Koma samalani. Pa matenda a Tarui (GSD VII), ofanana ndi McArdle, chotsekeka ndi enzyme ina, phosphofructokinase, shuga wa m'magazi nayenso sadutsa, ndiye Fanta imangotsitsa mafuta m'magazi munthu n'kufooka koposa. Second wind yomveka chonchi ikuloza kwa McArdle, komabe sitinatsimikize. Komanso wa kabaza amayamba ndi kuima maulendo 20 patsiku, amwa mabotolo angati? Mano, kunenepa, ndalama yomwe wapeza.

Banda CO:
Ine ndikadali pomwepo. Zachilendo tizisiyira kumapeto. Sickling test (ya sickle cell) mwachita? Ali pa mankhwala aliwonse, AZT, statin, zitsamba? Mowa? Ndipo mkodzo wa masana uja bwerezani.

Tiyamike:
A Banda, samwa mankhwala, mowa samwa. Sickling ndipempha, pamenepo mwanena zoona. Koma likodzo silikweza CK kufika 14,000. Mayi ake akuti kuyambira ali ku pulayimale ankatsalira pothamanga, aphunzitsi kumutcha waulesi, ndipo akafinya zovala zala zimapindika osatambasuka. Chondivuta n'chakuti njingayo ndi imene ikudyetsa banja. Ndimuuza bwanji kuti asanyamule munthu pachitunda?

Mai Nachisale:
Usamuletse njinga. Azifika pa siteji atapalasa kale yekha mphindi 10 pamalo athyathyathya. Akakhala nthawi yaitali podikira kasitomala, second wind imachoka, ayambirenso modekha. Matumba asiyire anzake. Abale ake ufunsenso, matendawa munthu amatengera kwa makolo onse awiri.

Gift:
Pa nkhani ya CK, mukutumiza kuti masiku ano? Kwathu reagent inatha kalekale, ndili ndi wodwala wina wa crush injury amene ndikungomuyang'anira ndi creatinine ndi mtundu wa mkodzo.

Limbani:
Nafenso chimodzimodzi. Amene ali nayo atiuze mtengo wake.