Odikirira odwala akatilalatira, tiziwayankha bwanji?

Anamwino ndi azamba anzanga, ndigawireni nzeru. Ndimayang'anira wodi ya ana pa chipatala china cha mishoni, ndipo akuluakulu andituma kuti ndiphunzitse anzanga kalankhulidwe kabwino kwa odwala. Andipatsa pepala la zoti tiloweze: kupereka moni mwansangala, kutchula dzina lathu, kupepesa munthu akadikira nthawi yaitali. Zimenezi sindikutsutsa ayi. Mayi amene wachezera pabenchi usiku wonse, mwana akutentha thupi kumsana, ayeneradi kumva mawu ofatsa.

Chikundivuta n'chakuti pepalalo likutitenga ngati ogulitsa m'sitolo, oti kasitomala anene chilichonse, ife tizingomwetulira. Nanga pa naiti, namwino ali yekhayekha wodi yodzaza, dilipi ya mwana wina yatha, uko wina akukomoka, bambo n'kutulukira akukalipa kuti "iwe mtsikana, tabwera kuno, timakulipira ndife"? Akawayankha mokalipa, mawa dzina lake lili kwa ombudsman wa chipatala (wolandira madandaulo a odwala), mwinanso ku Nurses and Midwives Council, bungwe loyang'anira ntchito ya anamwino ndi azamba. Akaugwira mtima, amakalirira kuchipinda chosinthira zovala. Nanga wotukwanidwayo akadandaule kwa yani? Pepala silikunenapo kanthu.

Kwanuko mumatani? Pali mawu amene munawayesapo, omuletsa munthu mwaulemu koma osalola kupondedwa? Alipo amene anakhomapo chikwangwani pakhomo la wodi chokumbutsa odikirira odwala za ulemu, ndipo chinathandiza? Nanga a NONM, bungwe loimira anamwino ndi azamba, ali ndi malangizo pa nkhaniyi? Inunso amene mukusamalira okalamba ku UK, tiuzeni momwe mabwana anu amakutetezerani. Maphunzirowa ndi a sabata yamawa.