Ndingadziwe bwanji kuti ngale za pa okushoni ya pa intaneti ndi zenizeni?

Anachisale, Chitakale (Mulanje)

Ndikupereka moni kwa nonse. Mwana wanga wamkazi adzamanga ukwati mu Ogasiti, ndipo kuyambira pamene ndinapuma ntchito yauphunzitsi ndakhala ndikusunga ndalama pang'onopang'ono kuti ndimugulire mkanda wa ngale woti adzavale tsikulo, kenako adzausungire ana ake. Mwana wa mchimwene wanga wandionetsa malo a pa intaneti kumene anthu amapikisana mitengo monga zimakhalira ku okushoni, ndipo pali mkanda umodzi umene wanditenga mtima. Wogulitsa walemba kuti ngalezo ndi za South Sea, zoyera, zazikulu mamilimita 12, za giredi AAA, ndipo akuti adzatumiza pamodzi ndi chikalata chotsimikizira. Pakali pano mtengo wafika pa madola 65, ndipo okushoniyo itsekedwa Loweruka usiku.

Chimene chikundivuta n'chakuti sindinagwirepo ngale yeniyeni m'manja mwanga. Ngale ndimaidziwira ku tchalitchi, pa fanizo la wamalonda amene anagulitsa zake zonse kuti agule imodzi yokha, n'chifukwa chake mtima ukundikayikitsa kuti mkanda wathunthu ungatsike mtengo chonchi. Ndikupempha amene mukuzidziwa bwino kuti mundiunikire zimene ndiyenera kuyang'ana ndisanatchule mtengo wanga.

Wolawa Tiyi, Thyolo Boma

Mayi, mwachita bwino kufunsa Loweruka lisanafike. Ine ndagwira ntchito yolawa tiyi kwa zaka zambiri, ndipo ku okushoni ya tiyi ya ku Limbe palibe wogula amene amatchula mtengo asanalawe, chifukwa masampulo amafika kwa ogula malonda asanachitike. Inu mulibe sampulo, muli ndi chithunzi ndi mawu a wogulitsa basi, choncho tiyeni tiyambe ndi mawuwo. Nkhani ya ngale ndinaiphunzira pamene ndinkafuna kugulira akazi anga ndolo, ndipo ndinatenga miyezi ndikuwerenga ndisanatulutse ndalama.

Ngale zili m'magulu atatu. Zoyamba ndi zachilengedwe, zimene nkhono ya m'madzi imapanga yokha kanthu kakalowa m'thupi mwake. Izi n'zosowa kwambiri ndipo zimagulitsidwa ku nyumba zikuluzikulu za okushoni. Mu 2018 ku Geneva, a Sotheby's anagulitsa ngale imodzi yolendewera imene inali ya mfumukazi ya ku France, Marie Antoinette, pa madola pafupifupi 36 miliyoni. Zachiwiri ndi zochita kuweta. Munthu amatsegula nkhono yamoyo n'kuikamo kampira kakang'ono kosemedwa kuchokera ku chigoba pamodzi ndi kachidutswa ka mnofu wa nkhono ina, ndiye nkhonoyo imakuta kampirako ndi miyalo yopyapyala yambirimbiri mpaka itakhala ngale. Luso limeneli linakula ku Japan, kumene Kokichi Mikimoto anapeza ngale zake zoyamba zoweta mu 1893. Ngale zoweta ndi zenizeni ndithu, ndipo pafupifupi ngale zonse zimene mungazione m'masitolo masiku ano ndi zamtundu umenewu. Zachitatu ndi zongofanizira, zopangidwa ndi galasi, pulasitiki kapena chigoba, n'kuzipaka utoto wonyezimira.

Tsopano dzina lakuti South Sea. Ngale zimenezi zimachokera ku nkhono yaikulu yotchedwa Pinctada maxima, imene amaiweta m'nyanja za kumpoto chakumadzulo kwa Australia, ku Indonesia ndi ku Philippines. Nkhono imodzi kawirikawiri imapereka ngale imodzi yokha patatha zaka ziwiri kapena kuposerapo. Mkanda wa masentimita 45 wa ngale za mamilimita 12 umafuna ngale pafupifupi 35, ndipo zonsezo ziyenera kufanana kukula, maonekedwe ndi kuwala, zimene zimachititsa wogulitsa kusankha m'zokolola zambiri kuti apeze zokwanira mkanda umodzi. Mkanda wotere umagulidwa ndi madola masauzande. Ku China kuli ngale za m'madzi opanda mchere, zimene msika wake waukulu uli ku Zhuji m'chigawo cha Zhejiang, ndipo nkhono imodzi ya mtundu umenewo imatha kupereka ngale zoposa 20, n'chifukwa chake zimatsika mtengo. Ndikaona madola 65, maganizo anga ndi akuti mkanda umenewo ndi wa ngale za ku China zimene azipatsa dzina lapamwamba, kapena si ngale n'komwe. Werengani mawu onse a wogulitsa mpaka kumunsi kwenikweni, ndipo mukapeza mawu akuti "shell pearl", "faux" kapena "simulated", dziwani kuti iye mwini wavomera kuti n'zongofanizira.

Telala wa Madiresi Aukwati, Luchenza

Amayi, ine zinandichitikira chaka chatha. Ndinagula mikanda itatu pa okushoni yotereyi kuti ndizibwereketsa akwatibwi pamodzi ndi madiresi. Pa chithunzi inkaoneka yokongola kwambiri, ndipo itafika inali yokongolabe, koma mkwatibwi wachiwiri atabweza umodzi ndinaona kuti pamene thukuta ndi perefyumu zinakhudza, chikuto chayamba kumatuka ngati penti ya pachitseko, ndipo mkati munali galasi loyera. Wogulitsa sanayankhenso mauthenga anga, ndipo masiku odandaulira anali atatha.

Kuchokera pamenepo mayi wina wachikulire amene ali ndi mkanda weniweni anandiphunzitsa mayeso a m'manja. Mukakhuza ngale pang'onopang'ono m'mphepete mwa dzino lakutsogolo, yeniyeni imamveka kukhakhala ngati muli timchenga, pamene yongofanizira imaterera. Mukakwecha ngale ziwiri pamodzi mofatsa, zenizeni zimakanirana pang'ono n'kusiya kaufa koyera kamene kamachoka mukapukuta. Ngale yeniyeni imazizira mukangoiika pakhungu, kenako imafunda, pamene pulasitiki ndi yopepuka ndipo sizizira. Yang'ananinso pakabowo pamene ulusi wadutsa, chifukwa pa zongofanizira m'pamene utoto umaunjikana kapena kuyamba kumatuka. Mkanda wosamalidwa bwino umakhalanso ndi mfundo pakati pa ngale iliyonse ndi inzake, kuti zisamakandane komanso kuti ulusi ukaduka zisamwazike zonse.

Mwana wa ku Limbuli, Johannesburg

Ndikupereka ulemu kwa inu mayi ndi kwa akuluakulu amene ayankha kale. Ndimagwira ntchito m'sitolo yogulitsa zokongoletsera kuno ku Johannesburg, ndipo mikanda ya ngale ndimaigwira tsiku ndi tsiku. Zimene anena mayi a ku Luchenza n'zoona, koma mayeso onsewo amatheka katundu akafika, ndalama zitapita kale. Komanso mayeso a dzino amangosiyanitsa ngale ndi chinthu chongofanizira. Ngale ya ku China yotsika mtengo nayonso imakhakhala padzino mofanana ndi ya South Sea, chifukwa zonse zapangidwa ndi nkhono. Anthu ambiri amene amabwera kwa ife ataberedwa sakhala atanyamula pulasitiki, amakhala atanyamula ngale zenizeni zimene anazilipira mtengo wa mtundu wina. Zimenezi zimachitika kwambiri ndi ngale zakuda. Za ku Tahiti zimabadwa ndi mtundu wakuda kapena wotuwira, koma ena amanyika ngale za m'madzi opanda mchere mu utoto n'kuzitcha dzina limenelo, ndipo mukayang'ana pakabowo ndi galasi lokuzira zinthu mumapeza utoto utachuluka pamenepo.

Za giredi AAA musazidalire. Palibe lamulo limodzi la dziko lonse limene limanena kuti AAA ndi chiyani, choncho wogulitsa aliyense amaika zilembozo monga akufunira. Bungwe la ku America loyeza ngale ndi miyala ya mtengo wapatali, lotchedwa GIA, limayang'ana zinthu zisanu ndi ziwiri: kukula, kaumbidwe, mtundu, kunyezimira, kusalala kwa pamwamba, ubwino wa chikuto (miyalo ija imene nkhono imapanga), ndi kufanana kwa ngale za mu mkanda umodzi. Pa zonsezi chimene ine ndimayamba kuona ndi kunyezimira. Ngale yabwino imaonetsa chithunzithunzi cha windo kapena cha nkhope yanu momveka bwino, ndipo kuwala kwake kumaoneka ngati kukuchokera mkati. Ngale ya chikuto chopyapyala imaoneka yofuwira ngati choko, ndipo singakhale zaka zimene inu mukufuna kuti mwana wanu aisunge. Ndikaona mkanda umene ngale zake zonse ndi zobulungira ndendende, zofanana ngati zatuluka m'chikombole chimodzi, zopanda kachilema ngakhale kamodzi, koma mtengo uli wotsika, kukongolako n'kumene kumandichititsa mantha, chifukwa nkhono sipanga zinthu zofanana chonchi.

Chikalata nachonso chili ndi mphamvu pokhapokha chitachokera ku labotale yodziwika, yosadalira wogulitsayo. Chikalata cha GIA chimakhala ndi nambala imene mungailembe pa tsamba lawo la pa intaneti n'kuona ngati zolembedwazo zikugwirizana ndi katunduyo. Kuyezetsa kotere kumafuna makina ounikira mkati mwa ngale ndipo kumadula, moti wogulitsa mkanda wa madola 65 sangakulipire. Kapepala kamene wasindikiza yekha sikawonjezera kanthu.

Chimene mungachite lero n'chakuti mwana wa achimwene anuyo alembere wogulitsa, apemphe zithunzi zatsopano za mkanda womwewo atauika pansalu yoyera, pa kuwala kwa masana, pambali pa rula ndi kapepala kolembedwa deti la tsikulo. Apemphenso chithunzi choyandikira cha kabowo ka ngale imodzi, ndi cha kangowe kotsekera mkanda. Pa kangoweko pamadindidwa 585 kapena 750 kakakhala ka golide, ndi 925 kakakhala ka siliva, ngakhale kuti manambala amenewa anthu achinyengo amathanso kuwadinda. Afunse momveka kuti, kodi ngalezi n'zoweta kapena zongofanizira, za m'nyanja yamchere kapena ayi, zonyikidwa mu utoto kapena ayi. Yankho lolembedwa ndi umboni wanu mukadzafuna kubweza. Mungathenso kuika chithunzi cha wogulitsacho mu Google Lens, chida cha pa intaneti chofufuzira kumene chithunzi chikupezeka, ndipo chikapezeka kwa ogulitsa ena ambiri, ndiye kuti si chithunzi cha mkanda umene mudzalandire.

Bambo a ku Bvumbwe

Ine ndiwonjezerepo za ndalama zokha. Kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola iliyonse imapweteka, ndipo mtengo umene mukuuona si womaliza. Pamwamba pake pali ndalama yotumizira katundu ndi msonkho umene a MRA amalipiritsa katundu akalowa m'dziko. Lipirani kudzera m'njira ya malo a okushoniwo, chifukwa ndi yokhayo imene imakupatsani mwayi wodandaula, ndipo wogulitsa akapempha kuti mumutumizire ndalama padera, musiyeni pomwepo. Onani ngati amalola kubweza, masiku ake ndi angati, ndiponso amene amalipira ulendo wobwerera ndani, chifukwa kutumiza phukusi kuchokera ku Mulanje kupita kunja kungadye ndalama yoposa mtengo wa mkandawo. Werengani zimene ogula akale analemba, makamaka odandaula, ndipo muone ngati wogulitsayo ali ndi mikanda yambiri yofanana ndi umenewu, chifukwa chinthu chosowa sichipezeka khumi sabata iliyonse. Pomaliza, ikani malire a mtengo wanu mudakali ndi mtima wodekha. Pa mphindi zomaliza mitengo imathamanga, ndipo ogulitsa ena osakhulupirika amagwiritsa ntchito anzawo kukweza mtengo mwachinyengo.

Anachisale, Chitakale (Mulanje)

Ndathokoza kwambiri nonse, mwandichotsa mumdima. Dzulo madzulo tinawerenga mawu a wogulitsa mpaka kumunsi monga ananenera bambo a ku Thyolo, ndipo pansi penipeni, pa malo olemba chimene katundu wapangidwira, tinapeza mawu akuti "shell pearl" m'zilembo zing'onozing'ono. Titapempha zithunzi zatsopano anatitumizira zomwe zija, ndipo funso lakuti ngalezo n'zoweta kapena ayi sanaliyankhe. Loweruka sinditchula mtengo uliwonse. Ndaona kuti ndalama zanga zingakwanitse ngale zenizeni za m'madzi opanda mchere, zogulitsidwa ndi dzina lake lenileni, ndipo zimenezo sindingachite nazo manyazi pomupatsa mwana wanga. Mwana wa ku Limbuli, ndithandizeni pa ziwiri izi: kukula kotani kumene kungamuyenere mkwatibwi wa thupi laling'ono, ndipo mkandawo tidzausamale bwanji kuti ukhalitse?

Mwana wa ku Limbuli, Johannesburg

Mayi, kwa mkwatibwi wa thupi laling'ono ngale za mamilimita 7 kapena 8 pa mkanda wa masentimita 45 zimakhala bwino, chifukwa mkanda wotere umagona m'munsi pang'ono mwa khosi ndipo adzatha kuuvala ku tchalitchi ndi ku ntchito ukwati utapita. Ndalama zikapanda kukwanira zonse, lolerani ngale zimene sizinabulungire ndendende koma zonyezimira kwambiri, kusiyana ndi zobulungira zofuwira. Ngale zambiri za ku China zimakhala chikuto chokhachokha mpaka mkati, zopanda kampira, choncho sizisupuka msanga. Gulani mwezi uno kuti katundu afike nthawi idakalipo, ndipo tsiku limene wafika chitani mayeso amene anena mayi a ku Luchenza, masiku obwezera asanathe.

Ngale ndi yofewa kuposa galasi, ndipo zinthu zowawasa monga viniga ndi madzi a mandimu zimaidya, choncho musayese nazo ngakhale wina atakulangizani. Mwana wanu azivala mkandawo pomaliza, atatha kudzola mafuta ndi kupopera perefyumu, ndipo akauvula aziupukuta ndi kansalu kofewa konyowa pang'ono kuti thukuta lichoke. Aziusunga mougoneka m'kathumba ka nsalu, padera ndi ndolo ndi mphete zimene zingaukande, ndipo akadzaona kuti mfundo zayamba kutalikirana kapena ulusi wada, adzapite nawo kwa wodziwa kuti autungenso pa ulusi watsopano wa silika.