Ophunzira anga akuchita chizungulire ndi VR, nditani?

Moni nonse abale anga, makamaka inu muli kuno ku Harare. Ine ndimaphunzitsa anamwino ndipo chaka chino tayamba kugwiritsa ntchito ma headset a VR (zida zovala kumaso zokuonetsa zinthu za pakompyuta ngati uli momwemo), otchedwa Meta Quest 2, poyeserera kuthandiza wodwala amene mtima waima. Vuto ndi loti atsikana atatu sakutha ngakhale mphindi 10, amayamba chizungulire, wina dzulo anachita kuvula headset nkukhala pansi thukuta lili kamukamu akufuna kusanza. Ndayesa kusuntha magalasi a headset malo onse atatu aja osinthira mpata wa pakati pa magalasiwo, mamilimita 58, 63 ndi 68, ndawauza azichita atakhala pampando, fani ndayatsa, koma palibe chasintha. Zikundiwawa poti ndi ana olimbikira zedi komanso mayeso ayandikira. Alipo anakumanapo nazo? Thupi limazolowera pakapita nthawi kapena ndingowabwezera pa chidole chonga munthu chophunzirira chija?