Sowo yanga yamagetsi ikupsereza matabwa, ndithandizeni

Wofunsa: Akuluakulu ndi amisiri nonse a pagulu pano, ndikupempha nzeru. Mwezi wa Juni ndinagula sowo yamagetsi ya buledi yozungulira ya mamilimita 185, ndipo poyamba inkadula paini ngati ikudula nthochi. Mlamu wanga anaibwereka kuti akadulire matabwa a denga la nyumba yake, ndipo anaibweza patatha masiku asanu ndi anayi, opanda ngakhale zikomo, sipanala yomasulira buledi itasowa. Mayi a kunyumba akuti ndisamufunse chifukwa ndi mlongo wawo, koma mtima ukundiwawa popeza ndalama yogulira sowoyi ndinakongola ku banki m'khonde ndipo sindinamalize kubweza. Tsopano ikamadula imasiya mzere wakuda pathabwa, utsi umatuluka, ndipo dzulo inadumphira m'mbuyo mwamphamvu moti inatsala pang'ono kundicheka pantchafu. Ndili ndi oda ya mafelemu a zitseko asanu ndi limodzi ofunika Loweruka. Kodi mota yapsa?

Kalipentala wa ku Mchesi: Achimwene, mwadzipweteka nokha. Chida chodyera sabwereketsa, kaya ndi mlamu kaya ndi apongozi. Ine ntchitoyi ndinaiyamba tsitsi lisanachite imvi, ndipo ndikukuuzani kuti mlamu wanuyo anailumikiza ku jenereta yaing'ono. Sowo yotere imakoka mawati oposa 1,000, ndipo ikamalira kumene imakoka mphamvu yochuluka kuposa pamenepo. Mukawonjezera chingwe chachitali cha waya wowonda, moto umafika wochepa ndipo mota imatentha. Mota yapita imeneyo.

Wokonza zamagetsi ku Limbe: Bambo a ku Mchesi, musawaopseze. Mota yopsa imanunkha ngati waya wopsa ndipo siikhala ndi mphamvu yodumphira m'mbuyo. Achimwene, zulani pulagi kaye, mumasule tizitseko tiwiri takuda ta m'mbali mwa mota, muone maburashi, timakala tiwiri timene timalowetsa magetsi mumota. Akafupika amathethetsa moto kwambiri, ndipo amasinthidwa onse awiri pamodzi.

Kalipentala wa ku Mchesi: Inu a ku Limbe mumati vuto lililonse ndi maburashi chifukwa ndi amene mumagulitsa. Maburashi sadetsa thabwa.

Mayi wa ku Zomba: Nkhani ya ntchafuyo yandikhudza kwambiri. Bambo a kunyumba kwanga anamanga chotchingira buledi ndi waya kuti chisamawasokoneze, ndipo tsiku lina ataika sowo pansi buledi ikuzungulirabe, inathamanga n'kuwacheka phazi. Anakhala miyezi iwiri osagwira ntchito. Chonde onetsetsani kuti chotchingiracho chikubwerera chokha, ndipo musamaime kumbuyo kwenikweni kwa sowo podula.

Mmisiri wa ku Mzuzu: Funso lalikulu simunaliyankhe, achimwene: kodi buledi imene ili pasowopo ndi yomwe munagula nayo? Ngati sipanala inasowa ndiye kuti wina anaimasula. Yang'anani muvi wojambulidwa pabuledi ngati ukuloza mbali imodzi ndi muvi wa pachotchingira, chifukwa buledi yoikidwa chotembenuza imakhula thabwa m'malo modula. Werenganinso mano. Ya mano 24 ndi yong'ambira thabwa mulitali, pamene ya mano 40 kapena 60 ndi yodulira mopingasa ndi pulayiwudi. Paini wa ku Chikangawa akakhala wosauma bwino amasiya utomoni m'mano, ndipo umachoka mukanyika buledi m'palafini n'kutsuka ndi mswachi wakale. Kuya kwa buledi kungopitirira thabwa ndi dzino limodzi basi.

Kalipentala wa ku Mchesi: Anyamata amasiku ano mumawerenga mano m'malo momvera kulira kwa makina. Ine ndang'amba bulugamu wouma ndi buledi imodzi chaka chathunthu. Ndikubwereza: mlamuyo alipire.

Mmisiri wa ku Mzuzu: Bambo, kudumphako kumachitika thabwa likapana buledi, makamaka ngati mwalitsamiritsa kunsonga zonse ziwiri n'kudula pakati. Chidutswa chikudulidwacho chizigwa momasuka. Zimenezi sizikhudzana ndi jenereta.

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndamuimbira mlamu uja, ndipo akukana kuti sanagwiritse ntchito jenereta, komanso akuti sipanala sanaione n'komwe. Mayi a kunyumba akwiya chifukwa ndaimba osawauza. Kodi ndikapita nayo kwa wokonza, kusintha mota kungatenge masiku angati?

Mmisiri wa ku Mzuzu: Achimwene, musanapite kulikonse, zulani pulagi mujambule buledi ili pasowopo mutitumizire chithunzi pano.